Zowonjezera m'chakudya cha nsomba: kodi ufa wa m'timapaketi ukulitsadi makumba ndi chambo?

Mayi Nabanda, Mchinji:
Ndikupereka moni kwa akuluakulu onse a pagulu lino. Ndili ndi madamu atatu kuno ku Mchinji, lililonse la mamita 20 mulitali ndi mamita 15 mulifupi, ndipo ndimaweta makumba pamodzi ndi chilunguni pang'ono. Chakudya ndimapanga ndekha kuchokera ku madeya, soya wokazinga, zinyenyeswa za usipa zimene ndimagula motchipa pamsika, ndi ufa wa chinangwa womatira. Sabata yatha kunabwera mnyamata wina panjinga yamoto atanyamula timapaketi ta ufa wofiirira, topanda dzina la wopanga kapena mndandanda wa zimene zili m'kati, ndipo anandiuza kuti ndikamathira supuni ziwiri pa ndowa imodzi ya chakudya, nsomba zidzakula kuwirikiza kawiri komanso sizidzagwidwa zilonda. Mawu okhudza zilondawo ndi amene anandigwira mtima, chifukwa mu 2020, matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS atagwa m'boma lino, ndinataya nsomba pafupifupi zonse za m'damu limodzi, ndipo fungo la nsomba zimene tinkavuula ndi kukwirira m'dzenje sindinaliiwale mpaka lero. Ndagula paketi imodzi koma sindinaitsegule. Ndikupempha kuti mundithandize kudziwa ngati zowonjezera zoterezi zimagwiradi ntchito, ndipo ngati zilipo zoona, ndi ziti zimene mlimi wonga ine ayenera kuikapo ndalama, popeza nsomba zanga zimatha miyezi isanu ndi iwiri zisanapitirire magalamu 100.

Bambo Phiri, mlangizi wa nsomba wopuma pantchito, Zomba:
Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatsegule paketiyo, ndipo ndikupemphani kuti ikhalebe chomwecho. Chinthu chimene wopanga wake wachita manyazi kulembapo dzina lake sichiyenera kulowa m'madzi amene mukuweteramo chakudya cha anthu. Zowonjezera zenizeni zilipo, ndipo makampani opanga chakudya cha nsomba amazigwiritsa ntchito tsiku lililonse, koma chilichonse mwa izo chili ndi ntchito yake imodzi yodziwika: china chimabwezera vitamini amene akusowa, china chimathandiza nsomba kugaya soya, china chimateteza chakudya kuti chisaonongeke m'thumba. Palibe chimene chimachita zonse pamodzi, ndipo palibe chimene chingawirikize kakulidwe ka nsomba ngati vuto lili kwina. Ndisanapitirire ndikufuna mutiuze zinthu izi: mumasakaniza madeya ndi soya pamlingo wotani, soyayo mumamukazinga mpaka pati, madzi a m'madamu anu ndi a mtundu wanji, ndipo munaikamo mbewu ya nsomba yochuluka bwanji.

Mayi Nabanda, Mchinji:
Zikomo, bambo. Pa ndowa zisanu za madeya ndimathira ndowa imodzi ya soya ndi theka la ndowa ya usipa ukapezeka. Soya ndimamukazinga pachiwaya kwa kanthawi kochepa, kungoti afunde ndi kuyamba kuthetheka, chifukwa nkhuni zikuvuta. Madzi a m'madamu awiri ndi oyera ndithu moti pansi pamaoneka, koma lachitatu ndi obiriwira chifukwa lili kumunsi kwa khola la nkhuku. Ndinaika nsomba 1,500 m'damu lililonse, zazimuna ndi zazikazi zosakanikirana monga ndinazigulira.

Achemwali Nachisale, Lilongwe:
Mayi, ine ndinaphunzira za ulimi wa nsomba ku Bunda, ndipo ndiyankha mbali ya chakudyayo, mbali ya madzi ndiwasiyira akuluakulu. Kusakaniza kwanu kuli ndi madeya ochuluka kwambiri. Madeya ali ndi zomanga thupi zapakati pa magawo 10 ndi 12 pa 100, pamene soya wosafinyidwa mafuta ali ndi magawo oyandikira 38, ndipo mukawerengera mlingo umene mwatchulawo chakudya chanu sichikufika magawo 20. Nsomba za mtundu wa chambo zimene zikukula zimafuna magawo apakati pa 25 ndi 32, ndipo tiana timafuna oposa 35. Mpata umenewu palibe supuni ya ufa uliwonse imene ingautseke, koma soya ndi usipa wowonjezera basi.

Nkhani ya kukazinga ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Soya wosapsa bwino ali ndi chinthu chimene chimatsekereza trypsin, yomwe ndi enzyme imene matumbo a nsomba amagwiritsa ntchito pogaya zomanga thupi, kotero nsomba imadya soya wodula koma mbali yaikulu imatuluka osagayika. Moto ndi umene umathetsa vutoli. Soya ayenera kupsa mpaka m'kati, asinthe mtundu kukhala wofiirira pang'ono, ndipo mukatafuna njere imodzi isamveke fungo la nyemba yaiwisi. Komanso asapserere, chifukwa akada mwaononga lysine amene mumamufunayo.

Tsopano zowonjezera zimene zili ndi maziko. Zomanga thupi zimapangidwa ndi tizigawo totchedwa amino acid, ndipo chimanga chimasowa lysine pamene soya amasowa methionine. Makampani amagula ziwirizi ngati ufa n'kuthira pang'ono chabe, ndipo pa chakudya chopanda nsomba kapena nyama kusiyana kwake kumaoneka. Inu usipa wanu ukugwira kale ntchito imeneyi, chifukwa uli ndi zonse ziwiri. Chachiwiri ndi phytase. Phosphorus wambiri wa m'madeya ndi m'soya ndi womangika mu phytate, chinthu chimene nsomba siitha kugaya ndiponso chimene chimagwira zinc, ayironi ndi calcium kuti zisalowe m'thupi. Phytase amamasula zimenezi, ndipo phindu lina ndi lakuti phosphorus wotayikira m'madzi amachepa. Vuto lake ndi lakuti amafa ndi kutentha, moti m'mafakitale opanga chakudya choyandama, m'mene makina amatentha kupitirira madigiri 100, amamupopera pamwamba pa chakudya chikatuluka kale. Chachitatu ndi premix, ufa wosakaniziratu wa mavitamini ndi michere, makamaka vitamini C, amene nsomba zimenezi sizitha kupanga m'thupi mwawo. Akasowa, msana umapindika, zilonda zimachedwa kupola, ndipo nsomba imafa msanga ikagwidwagwidwa. Vitamini C wamba amathawa ndi moto, dzuwa ndi chinyezi, ndiye chifukwa chake wa m'chakudya cha nsomba amakhala womangidwa ndi phosphate kuti apirire.

Agogo Mbewe, Chingale:
Ndawerenga zimene mwana wathu wa ku Lilongwe walemba, ndipo sindikutsutsa maphunziro ake, koma ndiloleni ndinene zimene maso anga aona kuno ku Chingale, kumene tinayamba kukumba madamu alangizi a ku Domasi akutiyendera panjinga zakapalasa. Mayi Nabanda atchula okha yankho lawo osadziwa. Madamu awiri pansi pamaoneka, limodzi ndi lobiriwira. Ndikufunsani, mayi, nsomba zikuluzikulu mumazipeza m'damu liti? Ine ndikhoza kubetcha mbuzi kuti ndi lija la kumunsi kwa khola. Makumba ndi nsomba yosefa madzi, imadya tizomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timachititsa madzi kubiriwira, ndipo m'timeneto muli mavitamini onse amene akutchulidwa pano, opanda mtengo. Ine ndimaviika mkono m'madzi, ndipo chikhato chikazimiririka madzi atafika pachigongono ndimadziwa kuti damu lili bwino. Chikamaonekabe mpaka paphewa ndimamangirira thumba la manyowa a nkhuku pakona ya damu. Chikazimiririka madzi ali pamfundo ya dzanja ndimachotsa thumbalo, chifukwa m'mawa nsomba zidzayamba kubwera pamwamba kudzapuma.

Chachiwiri ndi kuswana. Makumba sachedwa kuyamba kubereka, ndipo yaikazi ikafungatira mazira m'kamwa siidya. Chaka china ndinakokolola damu limene ndinaikamo nsomba 800, ndipo tinadzaza mabeseni ndi tinsomba tonga zala, tina tili ndi mazira achikasu m'kamwa ngakhale tinali tochepa kuposa chikhato cha mwana wa sitandade wani. Chakudya chimene ndinkaganiza kuti chikukulitsa nsomba 800 chinkagawidwa kwa zikwi zingapo. Mukathira premix m'damu lotere mukungodyetsa bwino adzukulu a nsomba zanu.

Mayi Nabanda, Mchinji:
Agogo, mbuzi yanu siitayika, chifukwa zikuluzikulu zimachokeradi m'damu lobiriwiralo. Ine ndinkaliona ngati lauve, ndipo kawiri konse ndinalisinthira madzi kuti liyere.

Achemwali Nachisale, Lilongwe:
Agogo akunena zoona pa damu la nsomba zochepa, ndipo ndikuvomereza kuti pa nsomba ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita imodzi, m'madzi obiriwira bwino, premix sasintha zambiri. Koma Mayi Nabanda ali ndi nsomba zisanu pa sikweya mita, osawerengera zoswedwa, ndipo nsomba zikamakula chakudya chachilengedwe cha m'damu chimafika poperewera. Pamenepo ndi pamene mavitamini a m'chakudya chopanga amayamba kufunika. Sindikufuna kuti achinyamata amene akukumba madamu a simenti kapena kuika matanki kuseri kwa nyumba m'tauni amve ngati manyowa a nkhuku ndi yankho lawo, chifukwa kwa iwo nsomba ilibe china chodya kupatula chimene aponyamo.

Bambo Tembo, Siavonga:
Ndikugwirizana ndi achemwali pa mfundo yomalizayi, ndipo ndilankhula monga munthu amene amadzuka m'bandakucha kukadyetsa nsomba m'makeji, makola a ukonde oyandama, pa nyanja ya Kariba kuno ku Zambia. Ife timaweta Nile tilapia, mtundu umene kwanu ku Malawi boma silikulola m'dera la nyanja ya Malawi pofuna kuteteza chambo chanu kuti chisasakanikirane nayo, kotero zina zimene ndinene muzizimva ndi kusiyana kumeneku m'maganizo. M'keji mulibe matope kapena madzi obiriwira oti nsomba n'kudalira, ndiye chakudya choyandama chimene timagula chimabwera chili ndi zonse: premix, methionine, lysine, ndi mankhwala oletsa mafuta kusasa. Mlimi amene akugula chakudya choterechi kufakitale yodalirika safunika kuthiranso ufa wina pamwamba, ndipo ndaona anthu akutaya ndalama pogula vitamini amene ali kale m'thumba limene alipira.

Pamene ife timawonjezera kanthu ndi pa nthawi zapadera. Masiku angapo tisanasankhe nsomba m'magulu a kukula kwake, kapena tisanasamutse mbewu kuchoka kumtunda kupita m'makeji, timapaka vitamini C pa chakudya. Timamusungunula m'madzi ochepa, timapopera pa chakudya chili pa lona, kenako timathira mafuta ophikira pang'ono kuti amatirire, n'kuyanika pamthunzi ndi kudyetsa tsiku lomwelo. Nthawi ina yovuta ndi Okutobala ndi Novembala, madzi akatentha kwambiri, pamene mabakiteriya a mtundu wa Streptococcus ndi Lactococcus amavuta. Nsomba yodwala imatuzuka maso, imada khungu, ndipo imasambira mozungulira ngati yaledzera. Chimene ndaona chikuthandiza kwambiri pa nthawi imeneyi ndi kuchepetsa chakudya, kuchotsa zakufa m'mawa uliwonse, ndi kusadzaza keji mopitirira muyeso. Probiotic (mabakiteriya othandiza m'matumbo) ndi beta-glucan (chodzutsa chitetezo cha thupi) timazigwiritsa ntchito nyengo yotenthayo isanafike, monga munthu amafolera denga mvula isanagwe, koma matenda akalowa kale sindinaonepo zikuukitsa nsomba.

Achimwene Mwale, Thyolo:
Akuluakulu, popeza mwatchula probiotic, ine ndili ndi njira yanga imene ndikufuna muiunike mosandinyengerera. Ndimatenga madeya ndi soya wogaya, ndimanyowetsa ndi madzi ofunda, ndimathira yisiti wophikira mandasi ndi kapu ya chambiko, ndipo ndimatseka m'ndowa kwa masiku awiri mpaka zitayamba kununkhira ngati thobwa wosasa. Kenako ndimathira adyo wosinja ndi ufa wa masamba a chammwamba, n'kupera pa makina operera nyama kuti zituluke ngati zingwe, zimene ndimayanika pa malata. Nsomba zimachithamangira kwambiri chakudyachi moti madzi amachita kuwira. Ndinamvanso kuti masamba a nimu amapha tizilombo m'mimba mwa nsomba ndipo ndikuganiza zoyamba kuthirako.

Achemwali Nachisale, Lilongwe:
Achimwene, njira yanu ili ndi zabwino zenizeni, ngakhale mwina si zimene mukuziganizirazo. Kusasitsa madeya ndi soya kumaphwanya mbali ina ya phytate ndipo kumafewetsa chakudya, kotero mukuchita pamlingo wochepa ntchito imene phytase amachita. Yisiti, amene dzina lake la sayansi ndi Saccharomyces cerevisiae, ali ndi beta-glucan ndi mannan m'khungu lake, ndipo zimenezi ndi zomwezo zimene makampani amagulitsa modula monga zodzutsa chitetezo cha thupi. Zimagwira ntchito ngakhale yisitiyo atafa. Koma mabakiteriya a m'chambiko, a mtundu wa Lactobacillus ndi abale ake, salimba pa kutentha, ndipo pa malata a dzuwa la masana ambiri amafa chakudya chisanafike m'madzi. N'chifukwa chake probiotic wambiri wogulitsidwa amapangidwa ndi Bacillus subtilis, amene amadzitsekera m'kachikopa kolimba ndi kupirira kutentha ndi kuuma. Ngati mukufuna amoyo, yanikani pamthunzi pamene pakupita mphepo, ndipo pangani chakudya cha masiku ochepa okha, makamaka kwanu kumeneko kumene chiperoni chimatha masiku chinyezi chili thoo.

Adyo ali ndi allicin, amene amalimbana ndi mabakiteriya ena, ndipo m'mayeso ambiri amathira pang'ono chabe, osapitirira magawo atatu pa 100. Chammwamba chili ndi zomanga thupi, koma chilinso ndi saponin ndi tannin, ndipo chikachuluka chakudya chimawawa, nsomba zimadya mochepa, kakulidwe kamabwerera m'mbuyo. Nimu musayerekeze. Madzi a masamba ake amapha nsomba akachuluka, ndipo tonse tikudziwa kuti katupe nayenso ndi chomera chachilengedwe koma amapulula dziwe lonse. Chinthu china chimene ndikufuna gulu lonse lidziwe ndi chakuti mayeso ambiri a zowonjezerazi amachitika pa tiana ta Nile tilapia, m'matanki a madzi oyera, kwa masabata ochepa. Zimene zimachitika m'tanki yotero sizitsimikizira zimene zidzachitike pa makumba kapena chambo m'damu lamatope kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Achimwene Mwale, Thyolo:
Nimu ndamusiya, achemwali. Koma pa nkhani ya kuthamangira chakudya ija, kodi si umboni wokwanira kuti chikugwira ntchito?

Bambo Phiri, Zomba:
Si umboni, achimwene, chifukwa mwana amathamangiranso maswiti. Umboni ndi sikelo. Ndibwereranso pa mfundo imeneyi, koma ndikuona a dokotala akulemba.

Bambo Gondwe, dokotala wa ziweto, Mzuzu:
Ndikufuna kubwerera pa paketi ija ya Mayi Nabanda, chifukwa ikundidetsa nkhawa kuposa zonse zimene zakambidwa. Ufa wopanda dzina ukhoza kukhala madeya opaka mtundu, ndipo pamenepo mwangotaya ndalama. Koma ukhozanso kukhala ndi mankhwala opha mabakiteriya, monga oxytetracycline amene alimi a nkhuku amathira m'madzi akumwa. Kale mankhwala oterewa ankathiridwa pang'onopang'ono m'chakudya cha ziweto kuti zikule msanga, mpaka mayiko a mu European Union analetseratu mchitidwewu mu 2006, ataona kuti umaphunzitsa mabakiteriya kupirira mankhwala. M'damu vutoli limakula, chifukwa mankhwalawo amatsalira m'matope, amatuluka ndi madzi kupita kudimba ndi kumtsinje kumene ena akutunga, ndipo ena amatsalira m'nyama ya nsomba imene ana anu adzadye. Tsiku limene mwana adzafune mankhwala omwewo kuchipatala, akhoza kupezeka kuti sakugwira.

Pa lonjezo la zilonda, mayi, munanamizidwa. EUS siyamba ndi bakiteriya, koma ndi kachilombo konga nkhungu kotchedwa Aphanomyces invadans, kamene kamalowera pakhungu lokalika n'kudya mnofu. Matendawa anaoneka koyamba m'chigawo chino cha Africa m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi cha m'ma 2006, asanafike kwanu ku Mchinji mu 2020, ndipo amakonda nyengo yozizira ndi madzi a asidi. Palibe ufa wothira m'chakudya umene umawachiza. Chimene chimateteza ndi kusalola madzi a mumtsinje ndi nsomba zam'tchire kulowa m'damu mosasefa, kusabwerekana ukonde kapena ndowa, kuumitsa damu ndi kuthira laimu musanaikemo mbewu yatsopano, ndi kudziwitsa ofesi ya za nsomba mukangoona zilonda zofiira. Chakudya chokwanira bwino, chokhala ndi vitamini C, chimathandiza khungu kupola msanga, ndipo thandizo lake limathera pamenepo.

Ndiwonjezere nkhani ya chuku, imene alimi a nsomba amainyalanyaza poganiza kuti madeya oonongeka amene nkhuku zakana akhoza kupita kudamu. Chuku cha pa chimanga ndi mtedza chimatulutsa aflatoxin, poizoni amene amaononga chiwindi, amachepetsa kakulidwe ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Pali zowonjezera zopangidwa kuchokera ku dothi la bentonite zimene zimagwira poizoniyu m'matumbo kuti asalowe m'magazi, ndipo zimathandizadi pa aflatoxin, koma zimenezi ndi zotchingira zochepa zimene zakuphonyani, osati chilolezo chodyetsa zowola. Madeya a chimanga chonyowetsedwa pokonola ayenera kuyanikidwa tsiku lomwelo, ndipo matumba akhale pa mathabwa, osakhudza khoma kapena simenti.

Bambo Tembo, Siavonga:
Popeza agogo atchula kuswana, mwina wina afotokoze za mahomoni, chifukwa m'mauthenga apambali anthu awiri andifunsa ngati angathire m'chakudya cha nsomba zawo zazikulu kuti zisiye kubereka. Ine ndawakaniza, koma ndi bwino zimveke pagulu.

Achemwali Nachisale, Lilongwe:
Mwachita bwino kuwakaniza, bambo. Homoni imene ikunenedwa ndi 17-alpha methyltestosterone, ndipo imagwiritsidwa ntchito kumalo oswetsera nsomba okha, pa tiana timene tangoyamba kudya, tisanadziwike kuti ndi tatimuna kapena tatikazi. Mlingo wodziwika ndi mamiligalamu 60 pa kilogalamu ya chakudya kwa masiku apakati pa 21 ndi 28, ndipo zotsatira zake n'zakuti pafupifupi tonse timakhala tatimuna, timene timakula msanga chifukwa sitiononga mphamvu pa mazira. Pa nsomba yokula kale siigwira ntchito imeneyi m'pang'ono pomwe, ndipo ndi yoopsa kwa woigwira ndi manja, makamaka amayi oyembekezera. Mlimi wamba ali ndi njira ziwiri zotetezeka: kugula mbewu yamphongo yokhayokha kumalo odalirika, kapena kusankha ndi manja nsomba zikafika magalamu 20 mpaka 30, poyang'ana kachiwalo ka pafupi ndi potulukira chimbudzi, kamene pa yaikazi kamakhala ndi kabowo kowonjezera kopingasa. Njere za papaya zimene ena amatchula zinayesedwadi monga zochepetsa kubereka, koma zikachuluka zimaononga chiwindi, ndipo sindingalimbikitse munthu kudalira zimenezi pa damu la malonda.

Agogo Mbewe, Chingale:
Kusankha ndi manja ndimakudziwa, ndipo maso akayamba kuchita chidima ngati angawa mumaitana adzukulu. Ena amaikamo mlamba pang'ono kuti uzidya tiana, koma ukhale wocheperapo kuposa nsomba zanu, apo ayi udzayamba ndi tiana n'kumalizira makolo. Ndikumbutsenso za nyengo. Mu Juni ndi Julaye, madzi akazizira kutsika madigiri 20, nsomba zimenezi zimadya mochepa kwambiri, ndipo chakudya chodula chimene mwathiramo zonse zanu chimangomira n'kuwola pansi. Wogulitsa ufa akabwera mu Ogasiti, inu n'kuyamba kuthira mu Sepitembala, nsomba zidzakuladi msanga chifukwa madzi afunda, ndipo ulemu wa dzuwa mudzaupereka kwa paketi.

Bambo Phiri, Zomba:
Agogo atchula chifukwa chenicheni chimene ndimati umboni ndi sikelo, komanso sikeloyo iyenera kukhala ndi choyerekezera. Kwa Achimwene Mwale ndi aliyense amene ali ndi chowonjezera chimene akuchikhulupirira, njira yake ndi iyi. Imikani mahapa, timakola tosokedwa ndi ukonde, anayi ofanana m'damu limodzi, kuti madzi, kutentha ndi chakudya chachilengedwe zikhale zofanana. Tengani mbewu ya msinkhu umodzi, muiyeze pa sikelo, n'kuika chiwerengero chofanana mu hapa iliyonse. Mahapa awiri adye chakudya chokhala ndi chowonjezeracho, awiri enawo adye chakudya chomwecho chopanda kanthu, pa mlingo umodzi ndi pa nthawi imodzi. Masabata awiri aliwonse vuulani nsomba m'mawa kusanatenthe, muyeze zonse pamodzi m'ndowa ya madzi imene mwaiyeza kale, mulembe m'kope, ndipo mupitirize kwa miyezi itatu. Pamapeto gawani makilogalamu a chakudya chimene mwadyetsa ndi makilogalamu amene nsomba zawonjezera. Chakudya choyandama chabwino chimafuna pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka kuti chibale kilogalamu ya nsomba, pamene madeya okha amafuna ochuluka kuwirikiza kangapo. Chifukwa chimene ndikunenera mahapa awiri mbali iliyonse n'chakuti ngakhale mahapa odya chakudya chimodzi amasiyana pang'ono, ndipo ngati kusiyana kwa mbali ziwirizo sikuposa kusiyana kwa mahapa a mbali imodzi, ndiye kuti chowonjezeracho sichinachite kanthu. Mukapeza kuti chachitadi, werengeraninso ngati nsomba zowonjezerazo zikubweza mtengo wake.

Achimwene Mwale, Thyolo:
Ndili ndi mahapa atatu okha, koma lachinayi ndisoketsa. Ndiyamba kumayambiriro kwa mwezi wamawa, ndipo zotsatira ndidzazilemba pompano ngakhale zitandichititsa manyazi.

Mayi Nabanda, Mchinji:
Akuluakulu, ndabweranso patatha masiku asanu kuti ndikuuzeni zimene ndapeza. Paketi ija ndakaisiya ku ofesi ya za nsomba ya boma lino ili chitsekere. Nditabwerako ndinagwetsa mulu wa matumba a madeya, ndipo awiri apansi, amene anagona pasimenti, ndinawapeza atagwirana ngati chigumu, m'kati muli ulusi wobiriwira, fungo lake lotsamwitsa. Ndikuvomereza kuti sabata ziwiri zapitazo ndinadyetsako kuchokera m'thumba lofanana ndi amenewa. Ndawataya kudzenje la manyowa. Tinakokanso ukonde m'damu loyamba, ndipo pa nsomba khumi zilizonse, zisanu ndi ziwiri zinali tiana toswedwera momwemo, kotero ndayamba kutipatula n'kugulitsa kwa anzanga amene akufuna mbewu. Soya ndikumukazinga tsopano mpaka afiirire, ndipo mlingo ndasintha kukhala ndowa zitatu za madeya pa ndowa ziwiri za soya ndi theka la usipa. Matumba a manyowa ndamangirira kale m'madamu awiri oyera aja. Chimene chatsala n'chakuti m'sitolo ya zaulimi kuno mulibe premix ya nsomba, muli ya nkhuku zanyama ndi ya nkhuku zamazira zokha. Kodi ndingagwiritse ntchito imodzi mwa izi?

Achemwali Nachisale, Lilongwe:
Mayi, tiana timene mukugulitsato muwauze ogulawo kuti n'toswedwera m'damu limodzi ndipo mwina n'tachibale, kuti asadzadalire timeneti monga makolo a mbewu yawo. Pa premix, werengani kaye pepala la pathumba. Nkhuku imapanga yokha vitamini C m'thupi mwake, kotero premix yambiri ya nkhuku ilibe vitamini ameneyu, yemwe ndi amene nsomba zanu zikumufuna kwambiri. Ya nkhuku zanyama nthawi zina imasakanizidwa ndi mankhwala oteteza chitopa cha m'matumbo chotchedwa coccidiosis, ndipo yotereyo isafike pafupi ndi damu. Mukapeza yopanda mankhwala aliwonse, yolembedwa mavitamini ndi michere yokha, ikhoza kuthandiza mongoyembekezera, pa mlingo umene wopanga walemba, ndipo muzithira soya atazizira kale, osati ali pamoto. Koma popeza madamu anu ayamba kubiriwira ndipo nsomba mwazipatula, ine ndikanadikira mwezi umodzi, n'kuyeza nsomba makumi atatu za m'damu lililonse lero ndi tsiku lomaliza la mweziwo, ndisanagule kanthu.

Bambo Gondwe, Mzuzu:
Ndikonze pang'ono mawu a achemwali kuti alimi a nkhuku asasokonezeke: chitopa ndi matenda ena a kachilombo ka vayirasi amene amatetezedwa ndi katemera, pamene coccidiosis ndi kutsegula m'mimba kwa magazi koyamba ndi tizilombo ta m'matumbo. Pa thumba la premix yang'anani mayina monga salinomycin, monensin kapena amprolium, ndipo mukaona limodzi mwa amenewa libwezeni pa shelefu. Mayi, ngati simukutha kuwerenga zilembo zing'onozing'onozo, jambulani pepalalo ndi foni mutumize pano, tiwerengera limodzi.

Achemwali Nachisale, Lilongwe:
Zikomo pondikonza, a dokotala, ndinasakanizadi mayina.

Mayi Nabanda, Mchinji:
Ndipita kusitoloko Lachisanu, tsiku la msika, ndipo chithunzicho ndidzatumiza madzulo ake. Sikelo yanga ndi ija yopachika yoyezera fodya, imene siiwerenga bwino zinthu zopepuka, ndiye ndibwereka yapatebulo kwa mayi wina wogulitsa nyemba kuti ndiyeze nsomba makumi atatu zija mawa m'mawa.